Pensulo ya Fulaisoni

Ndiulule uchitsiru wanga: ndili mwana ku Lirangwe ndinkakhulupirira kuti luso lojambula limakhala m'pensulo. Dzulo mdzukulu wanga anabwera ndi magazini kuchokera ku Chileka. Pachikuto panali chinsomba cha mano ngati sowo, akuti shaki, tisamachiphe. Wojambula? Fulaisoni, mnzanga wa Sitandade 3!

Aphunzitsi ankamata zithunzi zake pakhoma, zanga ankakulungira choko. Tsiku lina ndinamubera pensulo yake yolumidwalumidwa, n'kujambula mbuzi mosamala. Aphunzitsi anati, "Tebulo labwino, koma mchirawu ngwachiyani?" Fulaisoni anajambula ndi khala, chake n'kumatidwanso pakhoma.

Dzulo madzulo ndinadandaulira akazi anga: "Munthu sanaionepo nyanja, akutchuka ndi nsomba!"

Iwo anati, "Msiyeni, bambo. Inenso anandijambula ndili mtsikana. Chithunzicho ndikusungabe."