Malipenga Okwechedwa ndi Mchenga

Ndinayamba kudandaula Lolemba loyamba la teremu yachiwiri, pakamwa, mu ofesi ya ahedi. Sabata yotsatira ndinalemba kalata. Kope lake lili m'fayilo yanga yobiriwira, pamodzi ndi makope a makalata onse amene ndalemba pambuyo pake. Fayiloyo yanenepa, koma yankho mulibe ndi limodzi lomwe.

Nkhani ndi ya bandi ya sekondale yathu kuno ku Nkhamanga. Chipumire uphunzitsi, ndakhala ndikuphunzitsa ana malipenga masana akaweruka. Mwambo wake ndinauphunzira ku Khondowe ndili mnyamata. Woliza lipenga aliyense wa Fomu 4 amapatsidwa mwana wake wa Fomu 1. Mwanayo sayamba n'kuliza ayi. Teremu yonse yoyamba amangonyamula, kupukuta ndi kansalu kofewa, kukhuthula malovu, ndi kudonthezera mafuta ake enieni m'mabatani atatu aja amene zala zimadina. Akadziwa kusamala m'pamene timamulola kuliika pamlomo. Wamkulu akamachoka, lipenga limatsala m'manja odziwa.

Tsoka linalowa ine ndili ku Njakwa, kumaliro a mlamu wanga. Kiyi wa chipinda cha bandi ndinamusiya ku ofesi. Kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera ku boma, ndipo achiwiri kwa ahedi, bambo wachangu amene anangobwera kumene kuchokera kuchigawo chapakati, anatsegula chipindacho n'kuona kuti malipenga sakuwala mokwanira. Ana a bandi sanawaitane. M'mawa umenewo panali gulu la ochedwa kusukulu likuyembekezera chilango, udzu wotchetcha utatha. Anawagawira malipenga n'kuwauza kuti awale ngati mapoto.

Ana amamvera. Anakatapa mchenga kumtsinje ndi phulusa kukhitchini, n'kukwecha kunja ndi mkati momwe. Mabatani atayamba kulimba, wina anathiramo mafuta ophikira. Alendo atafika, bandi inaima pamzere ikunyezimira, koma mawu amene anatuluka, akuti, anali ngati a mbuzi yokoledwa ndi chingwe.

Nditabwerako n'kukatenga kiyi ku ofesi, chinandilandira pakhomo pa chipindacho ndi fungo la chiwaya cha tchipisi chosatsuka. Nyerere zinali zitandanda kulowa m'kamwa mwa lipenga lalikulu. Nditagwedeza lina, munatuluka mchenga wonona ndi mphemvu yakufa. Ndinadina batani, linalowa, osabwereranso. Ndinatuluka panja kukalavula.

Achiwiri aja anandipeza pomwepo.

"Pepani ndi maliro, adada. Koma kuwala kokha mwakuona?"

"Ndakuona, aphunzitsi. Mumafuna kuphikiramo nyemba?"

"Aa, musatero adada. Chitsulo n'chitsulo. Chikazilala timakwecha, chikalimba timathira mafuta. Ndi njinga yomwe timatero."

"Nanga ana anga a Fomu 1 mwawachotseranji m'bandi?"

"Otsuka malipenga pasukulu pano ndani? Si omwewo? Akanamawasamala bwino, ine ndikanawakhudza?"

Anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere kiyi, amvekere chipinda chitsekedwe kaye mpaka komiti ikhale. Komitiyo mpaka lero sinakhale.

Chimandinyansa kwambiri si mphemvu ija. Ndi chakuti pamsonkhano wam'mawa, pamaso pa sukulu yonse, ana amene ndinawaphunzitsa kugwira lipenga ngati khanda ndiwo anatchulidwa kuti owononga. Mmodzi wa iwo, mtsikana wamfupi wa mpweya wambiri kuposa anyamata, anabwera kwathu Loweruka atanyamula chitsononkho cha chimanga. Anali atachilemba madontho atatu ndi makala, ngati mabatani a lipenga. Anandiitana monga ana a kuno amaitanira aphunzitsi.

"Asambizgi, tandionereni zala ngati zikulondola. Ndikumayeserera pamenepa."

Zala zinkalondola ndithu, nyimbo yonse ya fuko, popanda kuphonya. Nditamuuza, anagwada n'kuthokoza kuti "Yewo chomene," kenako anafunsa kuti: "Nanga achemwali anga a Fomu 4 a m'bandi aja akalemba mayeso n'kupita, lipenga lawo adzasiyira ndani?"

Mutu wa nkhani ndi umenewo. A Fomu 4 atsala pang'ono kulemba mayeso. Malipenga ena ndingathe kuwamasula, kuwatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, n'kuwadzutsa. Koma akuluakuluwa akachoka asanapatsire ana awo zimene akudziwa, ndidzatsala ndi zitsulo zowala zopanda woliza, ndipo mapapo anga ano sangathenso kuonetsa mwana mmene mawu apamwamba amatulukira.

Chotero, mwaulemu wonse, ndikupempha ahedi ndi komiti ya sukulu kuti ana a Fomu 1 ayeretsedwe pamsonkhano womwe uja anawanyozerapo, abwerere m'bandi, ndipo kiyi abwezedwe kwa ine mayeso asanayambe. Ndikupemphanso kuti nkhani imeneyi iyankhidwe molemba, pakuti m'fayilo yanga ndasunga malo a pepala limenelo.