Agogo Anandinyamulira Chikwama

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la utomoni wa mitengo ya mphira, lowawasa ngati mkaka wogona, limene linkakanirira m'malaya awo ngakhale atachapidwa kawiri. Ankabwera kuchokera ku esiteti dzuwa lili paliwombo, zala zitakutidwa ndi utomoni, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kumamatula utomoniwo pang'onopang'ono, uku nkhuku zikulimbirana makoko a chinangwa chimene agogo aakazi ankasenda kuti akaviike. Kwawo kunali ku Mulanje. Anabwera kuno ku Mpamba ali mnyamata kudzafuna ntchito, anakwatira Mtonga, ndipo mpaka ukalamba Chitonga chawo chinkaseketsa ana.

Mayi anga atamwalira, ndi iwo anandilera. Anali mkulu wa mpingo, koma wosakonda kulankhula kutsogolo. Lamulungu lililonse ankaimba belu la tchalitchi chathu, limene linali limu ya tayala la lole yopachika pamtengo, ndipo ine ndinkawazindikira ndi kaimbidwe kake: katatu mofulumira, kenako kupuma ngati akumvetsera. Ndikalakwa sankandimenya. Ankangoti, “Tamala, khala apa,” n'kupemphera monditchula dzina mpaka ndinkalakalaka akanangondikwapula.

Ndili Folomu 3 kunabwera mnyamata wa ku Chintheche wochokera ku Joni, wa nsapato zoyera ndi mawu okoma. Anati andikwatira ndipo tikakhala konko. Agogo atamva anandiitana.

“Sindikukaniza banja, mdzukulu wanga. Maliza sukulu. Abwere ndi akwawo, tiwadziwe, mudalitsidwe kutchalitchi. Chimene Mulungu wakusungira sichithawa.”

“Moyo ndi wanga, agogo,” ndinayankha. “Nanenso ndimapemphera. Inuyo pochoka ku Mulanje munamvera ndani?”

Anayang'ana pansi.

“Palibe,” anatero. “Amayi anandigwira mwendo, ndinawakankha. Nditabwerera patapita zaka, manda awo anachita kundilozera mwana wa eni.”

Nkhaniyi ndinali ndisanaimvepo chibadwire, koma tsikulo mtima wanga unali utauma. Ndinaganiza kuti ndi njira yongondiopsezera.

M'mawa umene ndinkanyamuka ndinkayembekeza kuti anditsekera chitseko. M'malomwake anavala jekete lawo la kutchalitchi, anandilanda chikwama n'kuchisenza paphewa mpaka pamsewu wa tala. Minibasi itaima, anagwira mutu wanga kuti apemphere, koma kondakitala ankamenya chitseko, anthu akutiyang'ana, ndipo ine ndi manyazi ndinachotsa dzanja lawo n'kukwera. Sindinacheuke.

Ku Joni ndinakapeza kuti mwamunayo ali ndi mkazi ndi ana awiri. Pasanathe chaka anandisiya ndili woyembekezera, ndipo ndinayamba kuchapira anthu zovala. Agogo analibe foni. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankapita kwa aphunzitsi oyandikana nafe kukapempha kuti awaimbire nambala yanga. Ine ndinkaiona foniyo ikulira m'manja mwanga, n'kumati ndidzayankha zinthu zikadzayenda bwino, ndikadzakhala ndi chowauza chosachititsa manyazi. Inalira choncho zaka ziwiri.

Lachitatu lina inalira nambala yomweyo. Chifukwa silinali Lamulungu, ndinayankha. Anali aphunzitsi aja.

“Tamala, ambuya ako aamuna atisiya m'mawa uno.”

Ndinafika maliro ataikidwa kale. Agogo aakazi anatenga mwana wanga n'kumubereka osandifunsa kanthu. Patapita masiku ndi pamene anandiuza kuti malemuwo sanandidandaulepo pamaso pa anthu. Wina akandinena, ankati, “Musiyeni, Ambuye sanamalize naye.”

Lero ndimagulitsa mpunga wa ku Limphasa pamsika, ndipo mwana uja wakula, wayamba kundiyankha kuti moyo ndi wake. Ndimamuuza zonse, osabisa, monga anachitira agogo kwa ine, ndipo ndimaona m'maso mwake kuti akuyesa ndikungomuopseza. Kutchalitchi ndinabwerera, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira. Koma abusa akamalalikira za mwana amene anabwerera kwawo n'kupeza bambo ake akumudikira panjira, ndimatuluka panja mwakachetechete. Mwana ameneyo anali ndi mwayi. Anafika womupepesa akadali moyo.