Kagalimoto Kofiira ka Bambo

Fungo la oyilo wopserera pasiteshoni ya minibasi limandibwezera ku Matero, pabwalo pathu, pomwe pankagona kagalimoto kakale kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala.

"Ikakana kuyenda pa Sande, nizaitana ba sikirapu," amayi anachenjeza bambo, kunena anthu ogula zitsulo zakutha.

Bambo anazula injini yakufayo n'kuisiya kumbuyo, pafupi ndi bafa. Anakoleka tcheni mumtengo wa mango, n'kutsitsira m'kagalimotoko injini ya vani ndi giyabokosi yake. Sanaganize kuti magiya a vani amakhala mosiyana.

Lamlungu anthu anadzaza pampanda. Injini inabangula. Bambo anavula chipewa monyadira, n'kuponya giya. Kagalimoto kanathamangira m'mbuyo mpaka kukagunda injini yakale ija.

"Ba Phiri, tauni ili kutsogolo!" anakuwa aneba.

Ine ndinalira. Mwachibwana, ndinkayesa kuti kakufuna mtima wake wakale.

"Yayenda," anatero amayi, akupukuta misozi ya kuseka. "Sininakambe kwamene izayenda. Ikhale."

Chimwalirire mkazi wanga, achibale akamanditchulira mayina a akazi ena, ndimangoti zikomo. Kagalimoto kaja ndimakamvetsa tsopano.