Chimanga Chowotcha cha Apongozi

Ndikatseka maso ndimaonabe masamba a fodya ali mbwee pansi m'chigafa mwathu kwa Kaomba, obiriwira, onata ndi phula, ndipo pamwamba pake pali magazi. Sanali ofiira ngati a nkhuku ayi, anali akuda, oundana, ndipo atate anali atagwada pomwepo, singano yosokera fodya ikadali m'manja. Inali nyengo yothyola fodya, pamene mudzi wonse umanunkha masamba ofota ndi dothi lonyowa, manja athu ali bii ndi phula loti sopo amalilephera mpaka utakhula ndi mchenga. Ine ndinali mu Sitandade 5, mtsikana wapakamwa, woti amayi ankati ndinabadwa ndikuyankha kale. Tsiku limenelo pakamwa panga panauma gwa, ndipo amene anakuwa ndi mng'ono wanga.

Anawatengera pa ngolo mpaka kumsewu, kenako ku chipatala cha paboma, kumene anawaika magazi n'kuwatumiza ku chipatala chachikulu mumzinda. Amayi atabwera kudzatenga zovala anatifotokozera zomwe adokotala ananena. Likodzo limene atate anadwala ali mwana posamba m'madambo linaumitsa chiwindi, ndiye magazi posowa podutsa anayamba kudzazana m'mitsempha ya kummero, m'njira yomwe chakudya chimatsikira, mpaka umodzi unaphulika. Chithandizo chake n'kumanga. Dokotala amalowetsa m'kamwa kapaipi kokhala ndi kamera kunsonga, n'kumanga mtsempha uliwonse wotupa ndi kamphira kakang'ono. Koma nthawi imeneyo timphirato tinali titatha, ndipo anauzidwa kudikira. Kudikira, abale inu, munthu woti akasanzanso kamodzi basi tikumba manda! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Azakhali athu, mlongo wawo wa atate amene anakwatiwa ku Lusaka, anaimba foni kuti kumeneko amamanga, abwere msanga. Ng'ombe imodzi inachoka m'khola, ndipo atate ndi amayi analowera ku Mchinji kukadutsa malire.

Ife tinatsala ndi agogo aNabanda, amayi awo a amayi, pakuti atate anali mkamwini pamudzipo. Muyenera kudziwa kuti chikwatirire atate, iwo ndi agogo anali asanayang'anane kumaso. Akakumana panjira, agogo ankapatukira kutchire, atate n'kuvula chipewa akuyang'ana kumbali. Mawu awo ankadzera mwa ife ana, ndipo chilichonse chochokera kwa apongozi atate ankalandira ndi manja awiri, kaya ndi thobwa losasa kaya ndiwo zopanda mchere. Sikuti ankadana ayi, umenewo ndiwo unali ulemu wake. Masiku amene atate kunalibe, agogo ankatidzutsa ndi ndodo kuti tikathyole fodya mame asanaume, tikaweruka kusukulu tizisoka n'kupachika pamikangala. Phada ndi jingo zinatha. Foni ikalira kugolosale kumene tinkatchajitsa, ndinkasiya fodya n'kuthamangirako. Agogo sankalira, ankangotukwana nkhuku zosalakwa, koma mzere umodzi wa chimanga choyamba kucha anatiletsa kuukhudza. Amati ndi wa a Phiri, atate athu, akadzabwera.

Anabweradi, atawonda ngati mkangala, khosi lili tolotolo m'kolala ya malaya. Azakhali ankafuna akhalebe, koma fodya sadikira munthu, ndipo iwo mtima unali m'chigafa. Madzulo ake amayi anandikokera kuseri kwa khitchini n'kundiuza bwinobwino. Mitsempha yamangidwa, koma pomangapo pamafota, kamphira n'kugwa kokha, n'kusiya kabala kakakwisi. Mpaka kabalako katapola, atate azimwa phala losalala, losatentha. Chouma chilichonse chikhoza kukanda pabalapo magazi n'kuyambiranso, ndipo Lusaka si kuseri kwa nyumba. Ngakhale mankhwala a msana aja anthu amagula kugolosale nyengo ya fodya anawaletsa. “Iwe ndiwe wamkulu,” anatero amayi atandigwira khutu, “ukaona chouma m'manja mwa atate ako, usachite manyazi.” Agogo nawo anauzidwa, koma anangoti fwee m'mphuno. Kwa iwo phala linali chakudya cha munthu amene achibale amutaya kale, ndipo munthu amene wataya magazi amawabwezera ndi kutafuna.

M'mawa mwake amayi anapita ku chipatala cha paboma kukatenga mapiritsi amene atate ankayenera kumwa tsiku ndi tsiku. Dzuwa litakwera ndinamva fungo lija, la chimanga chikuthetheka pamakala, fungo loti masiku onse linkandidzetsera malovu. Tsiku limenelo linandidzetsera thukuta. Agogo anali atathyola chimanga chachikulu mumzere uja, chokhwima kale, nachiwotcha mpaka njere zina zitapserera. Anachiika m'mbale yawo ya alendo, navundikira, nandiitana. “Kawapatse atate ako, uwauze kuti agogo akuti mwatipeza.” Ndinayamba kunena kuti amayi anati, koma sindinamalize. “Amako ndinabala ndine! Nyamula.” Ndinanyamula. Atate anali pamkeka pansi pa mtengo wa mango, ndipo agogo anakaima kuseri kwa nkhokwe, pamene ankatha kuona popanda kuonedwa kumaso. Ndinagwada, ndinapereka uthenga, n'kunong'ona kuti atate musadye. Iwo anasuzumira kunkhokwe, naona m'mphepete mwa chitenje cha apongozi awo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugonja. Mkamwini angabweze bwanji chimanga choyamba, chosungiridwa iye, mwini wake ali chiimire? Anawomba m'manja, nayamba kukonola njere ndi chala chachikulu, zikugwera m'chikhatho, zouma, zolira ngati timiyala. Anati angolawa pang'ono.

Sindinaganize. Dzanja lawo likukwera kukamwa ndinalimenya, njere zinamwazika, ndinatsomphola chimangacho n'kuchiponya kutali kumene kunali mbuzi. Mayo ine! Kumenya dzanja la bambo wako, kutaya chakudya cha agogo, zonse nthawi imodzi. Agogo anatulukira ndi nthambi ya bulugama, akuti mwana wopanda mwambo uyu ndimuphunzitsa lero. Inanditera kamodzi kumsana, yachiwiri sinafike. Atate anali ataimirira pakati pathu, akupepesuka, ndipo anawayang'ana apongozi awo m'maso, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo. Kenako anagwada.

“Amayi,” anatero ndi mawu osasa, “musam'menye. Wolakwa ndine, ndimaopa kukukanirani. Muno m'khosi andimanga ngati mmene timamangira fodya, ndipo pomangapo sipanaume. Ndikadya chimanga chanu lero, chaka chamawa mudzasowa wom'sungira.”

Agogo anakoka chitenje kuti abise nkhope, koma dzanja linaima panjira. Anawayang'ana atate, khosi lija, milomo yotuwa ija, ndipo ndikukhulupirira kuti m'pamene anaona koyamba mmene munthuyo anathera, pakuti munthu womuonera kuseri kwa nkhokwe sungamudziwe kudwala kwake. Nthambi inagwa pansi. Anangolowa m'khitchini mwawo, ndipo tinamva sefa ikulira nthawi yaitali. Anatuluka ndi phala la ufa woyera, lomwera, akuliuzira okha, ndipo sanaitane mwana aliyense. Analiika m'manja mwa atate ndi manja awo, nakhala pamkeka womwewo mpaka mbale itayera. Ine sanandipepese, si agogo aNabanda amenewo. Anangondiuza kuti ndikathamangitse mbuzi.

Atate anabwereranso ku Lusaka kukamangitsa mitsempha yotsala, ndipo maulendo apambuyo pake anakaonedwa konkuno. Anakhala ndi moyo mpaka kundiona ndikuyamba ntchito ya uphunzitsi. Chigafa chija chinagwa, fodya tinasiya, ndipo akamwini a lero amacheza ndi apongozi pafoni n'kumaseka nawo. Sindinganame kuti ulemu wakalewo sindiusowa, unali ndi kukoma kwake. Koma ndinauona utatsala pang'ono kundiphera atate dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuchita zoyenera, ndipo chichokere pamenepo wodwala akakana chakudya sindimukakamiza, ngakhale ndichiphike ndine. Chaka chotsatira chimanga chitacha, adokotala atawalola kudya zonse, agogo anawotchanso choyamba nabwera nacho okha. Atate anachithyola pakati, nandiitana pamaso pa anthu onse. “Tenga chakutsindechi,” anatero, “koma dzanja langa ulisiye.”