Zipika Ziwiri Pansi pa Injini ya Chigayo

Ndikukumbukira chilimwe chimene anthu anayamba kukangana poyera za zipani zambiri. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kwathu ku Lufita ankati ndine mwana wovuta chifukwa ndinkangoyang'ana anthu osayankhula. Adada anali fundi wa mathirakitala, munthu wonyadira manja ake.

Chaka chimenecho a Phiri, mphunzitsi wopuma wochokera kummwera, anawapempha kuti aikire thirakitala yawo mkono wonyamulira katundu wolemera. Asanagwire sipanala, adada anajambula pansi ndi kamtengo, ine nditaima pambali ndi mbale yawo ya chakudya. Apa thanki ya oyilo, apa pampu yokankha oyiloyo, apa valavu yomutsegulira ndi kumutsekera njira, kenako mota imene oyilo akaikankha imazungulira n'kumakulunga tcheni.

"Ukatseka valavu, oyilo alibe kopita," adada anauza a Phiri. "Katundu aima m'malere mpaka mawa."

Tsiku loyesa linafika. Panali injini ya chigayo yofunika kupita ku Nthalire. Mota inalira, tcheni inakokeka, injini n'kunyamuka mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. Anthu anaomba m'manja. Adada anatseka valavu, n'kukhala pansi ndi a Phiri kuti adye. Akatha kudya adada ankafunika kulowa pansi pa injiniyo kukamangira matabwa kumiyendo yake.

Ine sindinaombe nawo m'manja. Chitsulo chachikulu chonchija kulendewera pa oyilo, chinthu chimene chimadontha ngakhale m'botolo lotseka? Ndinatola khala, n'kulemba kamzere pamkono wachitsulo uja, molunjika mfundo imodzi ya tcheni. Kenako ndinangokhala. Pamene ankasamba m'manja, mfundo ija inali itatsika zala ziwiri.

"Adada, injini ikutsika."

A Phiri anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Nasilungwe, valavu imeneyo ndi yatsopano, yachokera kumalire. Kodi ufundi ayamba kuphunzitsa ku pulayimale?"

Adada anachita manyazi pamaso pa mwini ntchito. "Fumapo apa!" anandikalipira m'Chitumbuka.

Ndinachokadi, koma sindinapite kutali. Adada ndi a Phiri atangoimirira, ndinagubuduza zipika ziwiri zimene anakhalira pakudya paja, n'kuziika pansi pa injini, chimodzi mbali iyi, china mbali inayo. Zinali zolemera, ndipo chachiwiricho chinandisupula chala chakuphazi. Adada anandikoka khutu mpaka misozi, koma poti nthawi inali itatha, anazisiya pomwepo n'kugona chagada pansi pa injini.

Dzuwa linali litalimba ndipo oyilo anali atatentha, kupyapyala ngati madzi. Injini sinalire, tcheni sinaduke. Inkangotsika mwakachetechete, adada maso ali pa mabawuti, a Phiri ali pakati pofotokozera anthu za chipani chimene chidzatikonzere msewu. Ndinakuwa kachiwiri, koma mawu anga anamira m'mkanganowo. Kenako tinangomva kuti gu! Injini inakhala pazipika zanga. Pakati pa chitsulo ndi chifuwa cha adada panatsala malo ongolowa chikhatho.

Anatuluka chokwawa ndi msana, malaya ali fumbi lokhalokha. Anapita pamkono paja n'kuyang'anitsitsa kamzere ka khala nthawi yaitali.

M'mawa mwake anamasula mota ija, ine ndili pomwepo, ndipo palibe anandithamangitsa. Valavu inalibe mlandu, inatsekadi. Koma oyilo ankazembera m'kati mwa mota momwemo, pang'onopang'ono, ndipo katundu ankaizunguza chobwerera. Adada anafufuta ndi phazi chojambula chakale, n'kujambula china. Atafika pamalo pokulunga tcheni, anandipatsa kamtengo.

"Mwana wane, chipika chako chija tichiike pati?"

Ndinaloza pomwepo. Anawotchererapo dzino lachitsulo lokola giya, loti katundu akakwera asabwerere mpaka munthu alichotse ndi dzanja. "Oyilo kunyamula amanyamula," anatero, "koma kugwira sagwira." A Phiri atabwera, adada anawauza pamaso pa anthu kuti dzino limenelo ndi la Nasilungwe. Za khutu langa sanapepese, ndipo ine sindinaziiwale.

Lero adzukulu anga amati agogo sakhulupirira munthu, ndipo sanama. Kaya ndi mnyamata wofunsira mbeta, kaya wogulitsa mbewu, kaya wobwera ndi malonjezo pagalimoto yazimkuzamawu, ndimamulandira bwino, kumupatsa mpando, kenako ndimalemba kamzere kanga mumtima n'kudikira ndione ngati akutsika. Ena amakhumudwa nazo. Akhumudwe. Ine ndikudziwa kuti adada anakalamba mpaka kuyendera ndodo, ndipo mwana wanga woyamba anamugoneka pachifuwa chomwe chija.