Matepi a Bambo Conrad M'denga la Khitchini

Amai Eneless Njovu a ku Kacholola amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu. Sukulu sanapite nayo patali, koma pa kusunga mbewu palibe amene amawaposa. Chaka ndi chaka amapachika chimanga cha mbewu m'denga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uthamangitse anankafumbwe.

Mlongo wao, Bambo Conrad, anatha zaka makumi awili akujambula mafilimu a anthu wamba. Ku Mwape anajambula nkhalamba zikuloza malile a minda yao ndi manda a makolo. Atadwala mwakayakaya, anapatsa Amai Eneless thumba la matepi.

"Mlongo wanga, musunge izi ngati mbewu," anatelo. "Tsiku lina kudzabwela anthu ofuna kulanda minda ija."

Amai anamvela ndendende. Thumba analipachika pambali pa chimanga, ndipo linakhala mu utsi zaka zisanu ndi chimodzi.

Mwezi watha, alimi a ku Mwape anadzuka n'kupeza zikhomo zofiila zitakhomedwa m'minda mwao. Nkhalamba za m'mafilimu zija zonse zinapita kale kumanda. Alimi atatu anapalasa njinga mpaka ku Kacholola kudzapempha matepi kuti akhale umboni.

Amai Eneless anatsitsa thumba monyadila. Linali bii ndi mwaye. Bambo Titus, wamkulu mwa alimiwo, anatulutsa tepi imodzi. Inali itapindika ndi kutentha. Anayesa kuizunguza ndi chala, koma m'kati monse munali mutamatana. Anzao aja anangoyang'ana pansi.

"Mwaona, Bambo?" anatelo Amai Eneless akumwetulila. "Simunalowe nankafumbwe ngakhale mmodzi."