Tsiku limene kompyuta ya Esinati inalemedwa

Lachiwili ndinapita kushopu ya mlongo wanga Esinati pa boma la Petauke kuti anditaipile nkhani ya sabata ino. Nkhani ija sinataipidwe mpaka lelo. Mukuwelenga ina, ndipo sindikudandaula.

Esinati ali ndi kompyuta imodzi yapatebulo, yogula kwa munthu. Ndiyo imataipa makalata, ndiyo imasindikiza makhadi a ukwati, anthu amaonelaponso imelo. Sabata yatha a Lungu, mmisili wa makompyuta wa ku Nyimba, anaiikila sisitimu yatsopano, ija pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse m'kati. Kukongola kokha ndiye musanene. Koma ukadina chinthu, unkatha kupita kukagula chinangwa chootcha, kudya, kubwelako, iyo ikali kuganiza.

Pabenchi ndinapezapo amai Zuze. Amai awa anabwela kuno ali mtsikana, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Nkhondo itatha, mlongo wawo Manuwele anabwelela kwawo. Iwo anatsala, poti anali atakwatiwa ndipo anali ndi munda cha ku Sasare. Chisiyanile, sanaonanenso. Tsopano mwana wa a Manuwele anali atatumiza chithunzi pa imelo ya shopuyi, ndipo amai Zuze anakwela lole ya thonje m'mamawa kudzachiona. Loleyo inali kubwelela masana omwewo, ndipo msewu wa kumeneko mukuudziwa, galimoto sizipezekapezeka.

"Mwanangu, kodi chithunzicho chikali panjila?" anafunsa amai Zuze.

"Chinafika kale, amai," anayankha Esinati, thukuta lili kamukamu. "Makinawa ndiwo akukana kutsegula."

Ndinaimbila a Lungu. Anali m'basi, mawu akudukaduka m'mapili.

"Kompyuta ya Esinati ndi yakale, bambo," anatelo. "Sisitimu yatsopano imadya zambili. Ichotseleni katundu. Yambani mwaona ngati muli malo."

Foni inaduka pomwepo.

Titayang'ana, malo munalibe. Munali nyimbo zimene makasitomala ankasiya, ndi mavidiyo a maukwati a anthu amene lelo ana awo ali kusukulu. Maukwatiwo Esinati anawakopela pamadisiki, nyimbo tinafufuta. Kompyuta inachitako changu, koma pang'ono pokha.

A Lungu anaimbanso basi itatsika phili. Anatiuza kuti tione mapulogalamu amene amadzuka okha kompyuta ikangoyaka. Analipo gulu, ena Esinati sanali kuwadziwa n'komwe. Mapulogalamu oteteza ku mavailasi analipo awili, yakale ndi yatsopano, iliyonse ikufufuza inzake ngati mbala. Atambala awili salila m'khola limodzi. Tinachotsa yakale. Tinazimanso zokongoletsa zonse zija za mitundumitundu.

Chomaliza chimene a Lungu anatiuza chinali fumbi la m'kati mwa kompyuta. Esinati anazima magetsi n'kutsegula m'mbali mwa bokosi la kompyutayo, ine ndinathamanga kukabweleka pampu kwa okonza njinga. Amai Zuze ananditsatila pakhonde n'kugwila bokosilo ngati agwila mbuzi yoti ilandile mankhwala. Nditangopopa, fumbi la zilimwe zonse za Petauke linanditela pamalaya oyela. Ndinayetsemula mpaka amai ogulitsa nthochi tsidya la msewu anandipepesa.

Tikubwezela mawaya, hutala ya galimoto inalila panja. Dalaivala wa lole, a Daka, analowa makiyi ali m'manja.

"Amai, tiyeni. Dzuwa lapendeka."

"Bambo, ndikhululukileni pang'ono," anatelo amai Zuze. "Mlongo wanga ali m'bokosimu."

A Daka anayang'ana bokosi, anayang'ana malaya anga, n'kukhala pabenchi.

Esinati anayatsa. Ulendo uno kompyuta inadzuka ngati munthu wogona bwino. Anadina imelo ija, chithunzi n'kuyamba kutsika kuchokela pamwamba. Kunabwela nthambi za mango, kenaka imvi, kenaka mphumi, kenaka maso.

Amai Zuze anasendela pafupi.

"Awa ndi atate athu," anatelo motsitsa mawu. "Koma atate anamwalila kalekale."

Chithunzi chinatsikabe, ndipo pachibwano panaoneka chipsela.

"Iyayi, ndi Manuwele. Chipsela ichi anagwa nacho mumtengo wa masau. Taonani mwana uja wakalamba."

Anaseka mpaka kugwila m'mimba, misozi ili mbwembwembwe. Anayamba kuwelenga ndi chala adzukulu amene anaima pambali pa mlongo wawo, akutiuza amene wafanana ndi yani. A Daka, munthu wa changu uja, ndiye anapempha kuti chithunzicho achikulitse aone bwino. Esinati anasindikiza ziwili, china cha kunyumba, china choti akaonetse kutchalitchi. Pokwela lole amai Zuze anapatsidwa mpando wakutsogolo, kuti mphepo isapinde mapepala.

Ndili kuchapa malaya madzulo, nkhaniyi inali kundizungulila m'mutu. Sabata yonse Esinati anali kunena kuti kompyuta yakalamba, yatha ntchito. Chonsecho inali yamoyo, tinangoisenzetsa chatsopano osaitula chakale.

Chitsegukile malonda m'dziko muno, zatsopano zikubwela ndi basi iliyonse, ndipo ine ndimazikonda. Popanda izo amai Zuze akanamuona bwanji mlongo wawo? Vuto ndi lakuti timadziwa kuwonjeza kokha. Mai wa pakhomo tam'tsegulila kantemba kogulitsilamo zinthu, koma madzi, nkhuni ndi munda zikali pamutu pake. Mphunzitsi tam'patsa maphunzilo atsopano, ana m'kalasi ali thithithi ngati kale. Akachedwa timati ndi ulesi, kapena timati wakalamba.

Nanga kwanuko, uja mukumunena kuti wayamba chidodo, munayamba mwaona zimene wasenza?